Kamphuno Kapite Nawe ku Nyalugwe

Kaumbwe, Petauke
Lachisanu masana

Mwana wanga Nelia,

Ndawathawa pang'ono azimai amene akusosola nkhuku za ukwati wako, ndadzakhala kuseli kwa khola la mbuzi kumene palibe angandifune. Mapepala awa ndang'amba m'buku langa la kwaya. Zolemba zikapendama usaseke, sukulu ndinalekela giledi seveni ndipo dzanja langa linazolowela khasu. Uwelenge pang'onopang'ono mpaka kumapeto, usadumphe.

Mailo Loweluka amuna ako a Daka akukutenga kupita kwao ku Nyalugwe. Alangizi akhala nawe masiku atatu, zao sindibwelezako. Ine nkhani yanga ndi imodzi chabe, chifuwa chako cha mphumu ndi kamphuno, kabokosi kaja kopima utsi. Lachitatu ndinakuona ukutulutsa kamphuno m'sutikesi pamodzi ndi chingwe chake chochajila, n'kukabisa pamwamba pa kabati kuseli kwa tini ya mchele. Nditakufunsa unati, "Amai, mufuna anthu a ku Nyalugwe aziti mwawatumizila mkazi wodwala? Ndilowe m'khichini ya apongozi nditapachika kabokosi pachifuwa ngati mbuzi ya belu?" Ndinaseka nawe, koma kuseka kwanga kunathela m'mano. Ndakabweza. Kali m'sutikesi mbali ya kumanzele, mkati mwa nsapato yako yakuda, ndipo chingwe chili mu nsapato inzake. Usakatulutsenso usanamalize kalata ino, chifukwa muli zinthu zimene sindinakuuzepo.

Ukumbukile chaka chija utangomaliza sukulu, pamene amai a Mumba a ku kiliniki anabwela ndi anthu ofufuza za utsi. Anasankha nyumba zokhala ndi munthu wachifuwa, yathu inali imodzi. Anatulutsa kabokosi koyela, kakang'ono kuposa sopo, ka timabowo m'mbali, ukakaika kukhutu kamalila ngati udzudzu. Anati kamakoka mpweya umene munthu akupuma, kamaona utsi ndi fumbi lili m'menemo, n'kuuza foni popanda chingwe. Foni ikaonetsa mtundu wobiliwila ndiye kuti mpweya uli bwino, wachikasu uchenjele, wofiila uchokepo. Azimai a kuno ndiwo anakatcha kamphuno. Anakalumikiza ku foni yako, koma anati ndizikavala ine, popeza pamene ndili pa moto iwenso uli pomwepo.

Tsiku loyamba lomwelo ndinaona kadontho ka mwaye pa kabokosi kaja. Chinthu cha eni, choyela chotele, ndidzachibweze chakuda ngati kunsi kwa poto? Akati mkazi wa ku Kaumbwe ndi wauve bwanji? Ndinatenga pulasitiki ya shuga, ndinaitsuka, ndinaiyanika, ndinakulunga kamphuno kawili n'kumanga ndi ulusi. Ndiye ndinakalowetsa mkati mwa bulauzi kuti ndi fumbi lomwe lisakapeze. M'mawa uliwonse ndinkaona ngati ulusi wamasuka. Iwe sunaone, atate ako sanaone. Miyezi iwili foni yako inangoonetsa zobiliwila, ndipo ine ndinkayenda mutu uli m'mwamba kuti khichini yanga yaposa za anzanga onse.

Inali nthawi yozizila, ndipo unali kutsokomola kwambili. Ndinauza atate ako kuti, "Mwaona? Si utsi iai, makina anena okha. Mwanayu ndi mphepo." Pamenepo ndinachita chinthu chimene chimandiluma mpaka lelo. Ukayamba kutsokomola ndinkakukokela pafupi ndi moto, kutseka chitseko, kutsekanso kabowo ka pakhoma ndi chisaka, n'kuonjezela nkhuni ngakhale zaziwisi. Iwe unkati, "Amai, ndikubanika," ine n'kumati, "Khala pomwepo, chifuwa chitenthedwe." Unkamvela, chifukwa ndinakulela womvela. Mpaka m'mawa uja unalephela kumaliza ndi dzina langa lomwe, m'chifuwa mukulila ngati wina akuimba pito, ndipo tinakunyamula pa ngolo mpaka pamseu kukapeza galimoto ya ku chipatala cha ku Petauke. Unagona kumeneko masiku anai, chigoba cha mpweya chili kumaso. Ine ndinali pambali pa bedi, kamphuno kali m'bulauzi m'pulasitiki yake, ndikufunsa Mulungu kuti ndalakwa chiani.

Titabwelako amai a Mumba anafika kunyumba, iwe uli gone. Anati ndiwaonetse kamphuno chifukwa zimene foni inalemba sizinali kugwilizana ndi matenda ako. Ndinakatulutsa. Anakayang'ana, kenaka anafunsa motsitsa mau, "Amai a Phiri, mwakhala mukukavala chonchi kuyambila liti?" Ine ndinati, "Kuyambila tsiku lomwe lija, amai. Onani, kalibe ndi kadontho komwe." Ndinali kunyada, Nelia. Iwo anati, "Nanga inu nditakumangani pulasitiki kumphuno, mungandiuze kuti nyemba zapselela?" Anadula ulusi, tinalowa m'khichini, ndinasonkha moto monga mwa masiku onse, ndipo nkhuni zisanayake bwino foni inali itafiila. Ndinakhala pansi paphulusa. Utadzuka anakuuza kuti kabokosi kanali ndi vuto ndipo akakonza. Anandisungila ulemu, ndipo ine ndinavomela kusungilidwa zaka zonsezi. Kabokosi kanalibe vuto, mwana wanga. Vuto ndinali ine. Undikhululukile.

Ndakuuza zimenezi kuti uone kumene manyazi anandifikitsa. Ine ndinachita manyazi ndi mwaye, iwe ukuchita manyazi ndi maso a apongozi, koma matendawo ndi amodzi. Ofufuza aja pomaliza nchito yao anatisiyila kamphuno chifukwa cha iwe, ndiye kayenela kukhala kumene kuli iwe. Ukavale kunja kwa malaya, m'mwamba pafupi ndi khosi, osati m'chikwama, osati pansi pa chitenje, osati m'thumba la epuloni. Kakada ukasiye kade. Timabowo tikatsekeka utipukute ndi nthenga youma ya nkhuku, madzi ai, malovu ai. Ndaikamo nthenga zitatu m'envulopu.

Tsopano za khichini ya kumene ukupita. Tsiku lija tinapita ku Nyalugwe ndi amalume ako a Lungu kukaona mudzi, ndinanamizila kufuna madzi akumwa kuti ndilowemo. Chitseko ndi chimodzi, windo palibe, denga likuchita kunyezimila ndi mwaye. Pakona pali mulu wa zitsononkho zosonkhela moto. Pamwamba pa mafuwa apachika chimanga cha mbeu, mitolo isanu ndi umodzi, ndinawelenga. Ichi uchimvetse bwino, Nelia. Apongozi ako amai a Daka satseka khichini chifukwa cha umbuli. Utsi umenewo ndi umene umateteza mbeu yao kwa anankafumbwe, ndipo mbeu imeneyo ndiyo chakudya cha banja chaka chamawa. Ukakafika n'kunena kuti utsi ndi woipa, iwo adzamva kuti ukunena kuti mbeu yao iwole. Uyambe ndi kutamanda mbeuyo, ndi yabwinodi, ngala zake zazikulu. Pambuyo pake upemphe kuti masiku opanda mvula uziphikila panja, kapena a Daka akumangile kachisakasa kopanda makoma. Mbeu ingathe kufukizidwa pamene munthu salimo.

Inenso ndinalowapo m'khichini ya apongozi yotele. Nditakwatiwa ndi atate ako, agogo ako anandionetsa kakhichini kozungulila, ndipo tsiku limenelo chitseko chinali chotseka chifukwa kunali mphepo. Ine ndinayesa ndiwo mwambo wa pakhomo pao. Zaka zisanu ndinaphika chitseko chili chotseka, zaka ziwili mwa izo iwe uli kumsana kwanga, kamutu kako kali pomwe utsi umadutsa ndikawelama. Maso akafiila agogo ako ankafunsa, "Mukulila, mwasowa kwanu?" Ine n'kumati, "Iai amai, ndili bwino." Nkhani ya kamphuno itamveka, iwo atakalamba kale, anandiitana n'kunena kuti, "Amake Nelia, mukadanena! Ine khichini ija ndinali kuizonda, maso anali kundiwawa. Koma ndinaona inu simutsegula, ndinati kwao amaphika chotseka, ndisamuvute mwana wa eni." Tinaseka mpaka misozi, koma pobwelela kunyumba sindinaseke. Azimai awili kupsa maso zaka zisanu chifukwa cholemekezana! Mwina amai a Daka naonso akuyembekeza wina ayambe kunena. Ukanene. Ugwade, utsitse mau, koma ukanene.

Koma usakanene monga ndinanenela ine kwa atate ako. Utatuluka m'chipatala ndinasanduka wapolisi wa utsi. Tsiku lina atate ako anali pakhonde ndi anzao awili akusuta fodya wao wopichila, ndipo ine ndinafika ndi foni yako m'manja, n'kuwalozetsa kumaso. Ndinati, "Onani, atate ake a Nelia, yafiila. Mukupha mwana." Mnzao wina anati, "Ah, a Phiri, mwagwidwa, foni yakunenezani!" Onse anaseka. Atate ako anangoti, "Manje foni ndiye yakhala mwamuna pano? Iuzeni ikalime." Masabata awili anakana kuboola mawindo a khichini amene amai a Mumba anatiuza kuti tiboole, ndipo fodya anayamba kusutila dala pafupi ndi chitseko. Zimene ndinanena zinali zoona, koma ndinawavula pamaso pa anzao, ndipo amene anavutika ndi iwe.

Amene anakonza zinthu ndiwe, kapena unaiwala. Unadikila ali okha, unawapatsa kamphuno ndi foni m'manja, n'kunena kuti, "Atate, ine sindikumvetsa bwino mmene kamagwilila nchito, takayesani inu." Anayenda nako tsiku lonse ngati apeza chidole. Anapita nako kukhola, kuchigayo, kumene a Zulu oyandikana nafe anali kutentha mapesi, kenaka analowa nako m'khichini ine ndikukazinga nshawa. Anatuluka, anatenga nyundo, ndipo dzuwa lisanapendeke njelwa zinai zinali pansi mbali iyi, zinai mbali inayo. Mpaka lelo amauza anthu kuti nzelu ya mawindo inali yao. Asiye atelo. Ukachite chimodzimodzi kwa amai a Daka. Usakawaonetse pamaso pa alamu ako kapena alendo. Ukawapatse agwile okha, ayende nako okha, aone okha kufiila. Munthu wamkulu chimene wadzionela yekha sachikana.

Pali cholakwa china chimene chikadanditengela kumanda, ndipo ichi uchiwelenge kawili chifukwa ku Nyalugwe malasha ndi osasowa. Tsiku lina masana kunagwa mvula yozizila, iwe unali utapita kwa anzako n'kusiya foni pa chaja. Ndinali kusenda nshawa m'nyumba, kamphuno kali pachifuwa panga. Ndinalowetsa mbaula ya malasha oyaka bwino, ofiila, opanda utsi, n'kutseka chitseko ndi mawindo. Ndinayang'ana foni, yobiliwila. Ndinati basi, palibe choopa. Patapita nthawi mutu unayamba kuwawa ngati andimanga chingwe, manja analema, nshawa zinkangogwa, ndipo tulo tinabwela tokoma kwambili. Ndinafuna kuimilila, miyendo inakana. Atate ako ndiwo anatsegula chitseko pofuna chipewa chao, n'kundikokela panja pamvula. Amai a Mumba anandiuza pambuyo pake kuti malasha oyaka amatulutsa mpweya wina wopanda fungo, wosaoneka, umene umagoneka munthu osadzukanso, ndipo kamphuno kathu aka mpweya umenewo sikaumva. Kamamva utsi ndi fumbi chabe. Ndiye mbaula m'nyumba yotseka usalowetse, ngakhale foni ibiliwile bwanji, ngakhale a Daka anene kuti kwazizila. Ndakuikila mabulangete awili m'malo mwa limodzi chifukwa cha chimenechi. Ndabweleza, mbaula m'nyumba yotseka ai.

Usakhalenso ngati ine wa kuyang'ana foni mphindi iliyonse mpaka ndiwo kupselela. Ndinafika pothamangitsa mkazi wa a Zulu chifukwa chotentha masamba pabwalo pake pomwe, ndipo sitinalankhulane mpaka nthawi yokolola. Kamphuno si dokotala ndipo si mfumu. Kamakuuza chabe pamene uyenela kusuntha. Kakafiila kanthawi pamene ukusonkha moto, tuluka panja, moto ukayaka bwino ubwelele. Chimene uyenela kuopa ndi kufiila kokhalitsa, tsiku ndi tsiku, pamalo pamene umakhala nthawi yaitali. Ndipo chifuwa chikayamba kulila, umvele chifuwa, foni inene zimene inganene.

Tina ndi tina tating'ono, ndilembe ndisanaiwale. Moto usayatse ndi pulasitiki, ngakhale nkhuni zinyowe, kuli bwino uchedwe. Nkhuni uziunjika pansi pa denga mvula isanayambe. Posesa pabwalo uyambe wawaza madzi. Alamu ako amaotcha malasha kuthengo, akakutuma kukapeleka chakudya uime mbali imene mphepo ikuchokela, upeleke, ubwelele, usakhale pansi kucheza. Nthawi yotentha tchile utseke mawindo a mbali ya moto. Sola ya a Daka ndinaiona, ndi yaing'ono, ndiye uzichaja kamphuno m'mawa anthu asanalumikize mafoni ao. Mankhwala ako opopela m'kamwa ndagula awili, limodzi lili m'chikwama cha m'manja, lina m'thumba la sutikesi la zipi. Sabata yoyamba yomwe upite ku kiliniki ya kumeneko ukadzionetse uli bwino, akudziwe nkhope, khadi lako la kuchipatala lili pansi pa nthenga zija. Usadikile kukadziwana nao tsiku limene sungathe kulankhula.

A Daka ndi munthu wofatsa, ndamuona. Tsiku lija unatsokomola pa chinkhoswe anaimilila kukakutengela madzi pamaso pa akuluakulu, osaopa kusekedwa. Koma kufatsa kwake ndi komwe kumandidetsa nkhawa, chifukwa munthu wotele kwa amai ake sayankha. Umuuze zonse za masiku anai a ku Petauke, usachepetse. Ukafuna umuwelengele ndi za pulasitiki zomwe, ine manyazi ndinathana nao. Ndipo Mulungu akadzakupatsani mwana, ukumbukile kuti iwe ukawelama pa moto, mutu wa amene ali kumsana umakhala pakati pa utsi, ndipo iye sangathe kunena kuti akubanika.

Chomaliza ndi ichi. Ndinamva alangizi kudzela pa windo akukuuza kuti ukwati ndi kupilila, kuti mkazi wothawila kwao amavula amai ake. Pa zambili akunena zoona. Upilile njala, upilile mau a alamu, upilile kusowa kwathu, inenso ndinapilila. Koma mpweya supililika, Nelia. Ndinakuona uli pa bedi lija ukuufunafuna ndi mapewa, ndipo palibe mlangizi amene analipo. Ukakalankhula mwaulemu, ukawapatsa kamphuno m'manja, a Daka n'kulankhulanso, koma khichini n'kukhalabe yotseka, foni n'kumafiila tsiku ndi tsiku, chifuwa n'kuyamba kulila, usadikile chilolezo cha munthu. Upite ku kiliniki poyamba. Ukatuluka kumeneko upite ku Nyimba, ukwele basi, utsikile pa Petauke, undiimbile. Amalume ako a Lungu ndalankhula nao kale m'mawa uno monga nkhoswe yako. Anang'ung'udza, anati sizinachitikepo kuti mkazi achoke pa ukwati chifukwa cha khichini. Ndinawauza kuti sindikunena zothetsa ukwati, ndikunena zodikila kuno mpaka aboole khoma. Avomela kuti mlandu umenewo adzaunyamula iwo ndi ine, osati iwe.

Anthu adzalankhula, ndikudziwa. Adzati amai a Phiri analela mwana wonyada, wa makina pachifuwa. Alankhule. Kuli bwino andiseke pachitsime iwe uli moyo, kusiyana ndi kuti adzanditamande pamalilo kuti ndinalela mwana womvela.

Upite bwino, mwana wanga. Mulungu akusunge iwe ndi nyumba yako yatsopano.

Ndine amai ako,
Amake Nelia